Voisi ya msuweni wa ku London, za "mnzako wa kutchalitchi" uja

Halo... ikujambula? Eya. Msuweni, mkazi wanga wosandiphikira, uthenga wako ndauona. Ndikuyankha pa voisi chifukwa ndangoweruka ya usiku, zala zakana. Wafunsa kuti kodi kuno ku London kuli chipatala cha anthu ogona mumsewu, ndiye amafuna mapepala kapena ayi. Akuti ukufunsira mnzako wa kutchalitchi. Hmm. Iwe amene sunadutsepo pa Zalewa, mnzako wa ku London wamutola kuti?

Chabwino, zilipo. Ku Soho kuli Great Chapel Street Medical Centre, ntchito yake ndi ya anthu opanda pogona. Komanso kuli galimoto ina ya Find & Treat, ya chipatala cha UCLH, imazungulira m'malo amene anthuwa amagona ndi kulandira chakudya, makina a X-ray ali momwemo, amayeza TB pompo. Koma dikira, ndayambira kumchira. Munthu safunika kuchita kusaka chipatala chapadera. Kuno ku England aliyense atha kulembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera, popanda pasipoti, popanda adiresi, ndipo sayenera kumukana chifukwa cha viza. Akakhala alibe pokhala amatha kulemba adiresi ya kiliniki yomweyo. Wa pa resepishoni nthawi zina amavuta, akuti bweretsa kalata yoonetsa kumene umakhala, ndiye bungwe la Groundswell lili ndi timakadi tonena za ufulu umenewu, umangoonetsa. Mankhwala a TB ndi aulere kwa aliyense, kaya mapepala anatha.

Ndatchula TB dala. Ukukumbuka amalume aang'ono, bambo ako aang'ono aja? Iwe unali mwana wa kumsana, sungakumbuke, umangomva. TEBA, ija yolemba anthu ntchito za m'migodi ku Joni, itatsekedwa mu 1988 anabwera ndi thiranki, wailesi ya mabatire 6, ndi jekete ija ankaivala ngakhale mu Okutobala, thukuta kamukamu. Chaka chisanathe zonse zinapita. Wailesi inapita ku kachasu... ayi, wailesi inapita pa mlandu uja wa mbuzi, jekete ndiyo inapita ku kachasu. Ndiye anauza agogo kuti apeza ya ulonda ku Blantyre. Miyezi 3 makalata akubwera, akuti abwana ndi mmwenye wabwino, ndalama nditumiza mwezi ukatha. Pomwe munthu akugona pa depoti ya Wenela, pa katoni, pamalo omwewo anthu ankanyamukira kupita ku Joni. Anawaona ndi mayi uja wa nthochi wa kuseri kwa dambo, iwo n'kubisala kuseri kwa basi, koma chifuwa chinawaulula. Akuti anawazindikira ndi kutsokomola.

Anawatengera kuchipatala, n'kupezeka TB. Mankhwala anapatsidwa, aulere, palibe anawakaniza. Miyezi 2 akumva bwino, basi ndachira, mapiritsi m'chitini cha fodya. Inabwerera. Anayambanso, anasiyanso. Kachitatu agogo anati tsopano gadiyani ndine. Mamawa uliwonse pakhonde, chikho cha madzi m'manja, meza, yasamula ndione. Bambo wa ndevu zake, woti anakumba golide pansi pa nthaka, akuyasamula ngati mwana wa mbalame! Ife ana tikusuzumira kuseri kwa nkhokwe, kuseka chamumtima poopa chikoti. Agogo sankadziwa kulemba, ankamanga mfundo pa luzi, tsiku mfundo, tsiku mfundo. Luzi lija linakhala pa tsindwi mpaka nyumba ija inagwa. Ndipo munthu anakhala mpaka anaona zidzukulu, akunamabe kuti ku Joni anali kapitawo.

Ndimati chiyani... eya. Kuno gadiyani wotere aliko, amamutcha key worker, ena case worker. Ndi munthu mmodzi amene amagwira nkhani yako yonse. Amakukumbutsa tsiku la kuchipatala, nthawi zina kukuperekeza, amalimbana ndi a khansolo, amakupezera woona za viza wosalipiritsa. Mankhwala a TB masiku ano ndi a miyezi 6, ndipo ena amachita kudzijambula pa foni akumeza n'kutumiza kwa anamwino. Agogo a pa foni, kungoti alibe chikoti. Pali lamulo la 2017 loti munthu wopanda pokhala akafika ku A&E, kolandirira odwala mwadzidzidzi, kapena akagonekedwa, achipatala amutumize ku khansolo iye akavomera. Koma ndisakunamize, amene viza yake inalembedwa kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti sangalandire thandizo la ndalama za boma, nyumba ya khansolo sapatsidwa. Pamenepo mpamene key worker amafunika, chifukwa amadziwa mabungwe ndi matchalitchi amene amalandira anthu otere. Ndiye za ma care worker izi, obwera pa viza yosamalira okalamba ndi odwala, sponsa, kampani imene inakulemba ntchitoyo, akalandidwa laisensi, kalata ya Home Office, oona za maviza, ikafika amakupatsa masiku 60 kuti upeze wina. Masiku 60 sachedwa kutha munthu akamabisala.

Msuweni, iwe sukufunsa za chipatala. Pagulu pano azakhali akumvera, ndiye sinditchula munthu, koma pali wina sanalembepo kanthu chichokereni Pasaka, nambala yake ya kale siikulowa, ndipo tsiku lomaliza kulankhula naye ankatsokomola, akuti ndi kuzizira. Iwe ukufuna kudziwa ngati pali woti angamupeze n'kumugwira dzanja. Ndiye ndikuti chipatala chilipo, khomo n'lotsegula, koma munthu wamanyazi salowa yekha. Akufunika womuperekeza tsiku loyambalo, kenako key worker apitirize.

Ngati akugona panja penipeni, pali webusaiti ya StreetLink, umalemba malo amene ali ndipo oyendera anthu usiku amakamufuna. Koma ine ndikuganiza kuti ali pa sofa ya mnzake kapena akuzungulira m'mabasi a usiku, ndipo wotero samupeza msanga. Ndiye nditumizire nambala yatsopanoyo kumbali, osati pagulu. Ndikudziwa uli nayo, iwe bodza sulitha, makutu ako amachita kuyera. Sindimufunsa za ndalama za ndege zija, umuuze zimenezo, sindimufunsa. Lachinayi ndili ofu, tikalembetsa limodzi kwa GP, ayezedwe chifuwacho, apatsidwe munthu womutsatira.

Wamva? Mapiritsi okha amalume sanachire nawo, anachira ndi agogo pakhonde. Nambala, msuweni. Mnzako wa kutchalitchiyo umuuze kuti kuno kuli ufa, usipa uja munanditumizira ulipo, ndi matiresi osagona munthu. Ndagona ine, foni sindizimitsa.