Mwana wanu namwino akufuna kumasamalira odwala m'makomo: ayambire pati?

Mayi wina wa ku Nchalo watifunsa za mwana wake wamkazi amene akumaliza dipuloma ya unamwino ndi uzamba. Ntchito za boma sizikuoneka, ndiye mtsikanayo akuganiza zotsegula kabungwe koyendera odwala m'makomo, kuyambira ku Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula. Mayiwo akufuna kudziwa ngati zimenezi n'zololedwa.

Mayi, maganizowo ndi abwino ndipo odwala ofuna chisamaliro chotere alipo ambiri kuchigwa kuno: agogo ofa ziwalo ndi sitiroko, odwala shuga okhala ndi bala losapola kuphazi, otuluka m'chipatala ndi chubu cha mkodzo. Koma musagule kaye chikwangwani kapena yunifolomu. Chilolezo choyamba ndi cha munthuyo, cha bizinesi chimabwera pambuyo.

Dipuloma payokha simupatsa mphamvu yogwira wodwala. Akamaliza sukulu ayenera kukhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, khonsolo yoyang'anira anamwino ndi azamba, alowe m'kaundula, ndipo laisensi yake aziikonzanso chaka ndi chaka. Palinso mfundo imene ambiri amaidumpha. Wadipuloma ya zaka zitatu ya Nursing and Midwifery Technician, monga amene amaphunzira ku koleji ya unamwino ya Trinity ku Muona, amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi namwino wamkulu, uja amati Registered Nurse, monga wadigiri ya zaka zinayi ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Ndiye kabungweko kafunika namwino wotereyu woti azisaina ndondomeko ya chisamaliro cha wodwala aliyense ndi kuyankha zinthu zikalakwika. Mwana wanu alembere kalata khonsolo ya anamwinoyo, afotokoze ntchito zonse zimene akufuna kumachita m'makomo, ndipo yankho alilandire lolembedwa. Akafuna kutsegula chipinda choonera odwala, pamenepo yafika nkhani ya kiliniki, ndipo Medical Council of Malawi, yoyang'anira madokotala ndi zipatala, imalowapo. Kusunga ndi kugulitsa mankhwala ndi nkhani inanso, ya PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala.

Zamapepala a bizinesi sizivuta: kulembetsa dzina kwa Registrar General, kutenga nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, kenako laisensi ya malonda ku khonsolo ya Chikwawa kapena Nsanje.

Uphungu wathu weniweni ndi wakuti ayambe wagwira m'wodi, ngakhale mongodzipereka, ku chipatala cha St Montfort, cha Chikwawa, cha Nsanje kapena ku Trinity konko. M'wodi akakayikira amaitana mnzake. M'nyumba ya wodwala ku Miseu Folo amakhala yekha, abale atamuzungulira, onse akuyang'ana nkhope yake. Ayenera kudziwa ndi maso kuti bala ili likupola, ili lalowa mafinya mpaka mkati ndipo wodwalayo apite kuchipatala lero lomwe. Nthawi imeneyi ndiyonso adzadziwana ndi madokotala amene mawa azidzamutumizira odwala. Asanayambe akaonekere ku ofesi ya mkulu wa zaumoyo m'boma, kwa amfumu ndi kwa alangizi a zaumoyo a m'deralo.

M'chikwama mwake mukhale makina oyezera BP, choyezera shuga ndi timapepala take, choyezera kutentha kwa thupi, magolovesi, thonje, mabandeji, madzi otsukira zilonda, apuloni, sopo ndi kabokosi kotayamo singano. Kabokosiko kakadzaza magawo atatu mwa anayi katsekedwe, kapite kuchipatala kumene anagwirizana nako kuti akakaotche. Singano zisatayidwe m'chimbudzi kapena kudzala kumene ana amasewera.

Kutentha kwa kuno kumasintha kagwiridwe ka ntchito. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, pamene insulini (mankhwala obaya a odwala shuga) yosatsegula imafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo yotsegula siyenera kukhala pamalo opitirira 30. Banja lopanda filiji aliphunzitse kuika kabotoloko m'kachitini kotseka bwino, n'kukaika mumtsuko wadothi wa mchenga wonyowa pamthunzi. Wodwala wogona pamphasa ali thukuta kamukamu amatuluka zilonda msanga kumunsi kwa msana, m'chiuno ndi kuzidendene. Afunika kutembenuzidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, ndipo namwino sangakhalepo nthawi yonseyo. Theka la ntchitoyi ndi kuphunzitsa wosamalira wodwala pakhomopo, nthawi zambiri mpongozi kapena mdzukulu, kutembenuza, kupukuta ndi kumwetsa madzi okwanira.

Chimene chimagwetsa anamwino ambiri oyenda m'makomo ndi jakisoni. Abale amachonderera kuti "mungowabayako kamodzi apeze mphamvu", ndipo kukana kumaoneka ngati nkhanza. Popanda chikalata cha dokotala asabaye, asaike diripi. Wodwalayo akafa, laisensi imene anaivutikira zaka zitatu imapita. Chilichonse chimene wachita alembe m'fayilo ya wodwalayo, tsiku, nthawi ndi saini, ndipo banja lisaine kuti lavomera chisamalirocho.

Pa mtengo, aziwerengera ulendo uliwonse pawokha: kabaza kapena mafuta a njinga yamoto kupita ndi kubwera, zipangizo zimene zithere pamenepo, gawo la namwino womuyang'anira, kenako malipiro ake. Olipira nthawi zambiri ndi ana a wodwalayo amene ali ku Blantyre kapena ku Johannesburg, choncho agwirizane nawo polemba, ndalama zizibwera pa Mpamba kapena Airtel Money sabata isanayambe. Ngongole za pachibale ndizo zimatha mpamba.

Nchalo mpaka Bangula ndi dera lalikulu kwa munthu mmodzi. Ayambe ndi midzi imene angafikeko ndi kubwerako tsiku lomwelo ngakhale mvula itagwa. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anadula misewu, madera ngati Makhanga osafikika. Dzinja lisanayambe, banja lililonse likhale ndi mabandeji ndi magolovesi a milungu iwiri, mankhwala a kuchipatala otengeratu, ndi nambala ya chipatala chapafupi yolembedwa pachikuto cha buku la wodwalayo.