Kwa achemwali amene mwafunsa za ukwati wa mnzanu ku Chamama

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mukuti mnzanu amene munakula naye akukwatiwa mu Okutobala kwanu ku Chamama m'boma la Kasungu, inu muli ku Blantyre, m'thumba simuli bwino, ndiye mukufunsa ngati kungotumiza kangachepe pa Mpamba sikungakwane. Kumapeto mwawonjezera kuti anzanu onse akukwatiwa, ena atsiriza maphunziro, inu mulibe chokaonetsa kumudzi. Ine ndikuti pitani. Ndalama imene mumati mutumizeyo ikhale ya basi, yotsalayo mukaisinthe kukhala ma K100 ndi ma K200 oti mukaponye pa pelekanipelekani.

Ena amene amva funso lanu ayankha kuti vuto ndi la eni ukwati, bwanji kuika mwambo m'mwezi wotentha chonchi. Amenewo kapena anachoka kumudzi kalekale. Kwathu ku Kasungu ukwati umatsata fodya ndi chimanga. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo amapita ku Chinkhoma, ndipo pofika Ogasiti alimi ambiri amakhala atalandira zawo. Chimanga chili m'nkhokwe, mtedza wakumbidwa, misewu ya dothi yauma moti lole imafika mpaka pakhomo. Mvula ikangogwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, aliyense ali kumunda kudzala ndi kuwokera fodya, palibe amene angasiye khasu kuti akavine. Kenako pofika Febuluwale ufa wayamba kuyezedwa ndi kapu. Ndiye kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala Loweruka lililonse kumamveka nthungululu, uku chinkhoswe, uko ukwati, kwina kumanga chiliza. Miyezi yake ndi yomweyi basi.

Chimene ndalama ya pafoni singachite ndi ichi. Mu Okutobala zitsime zambiri zimaphwa, pa mjigo pamakhala mzere wa zidebe kuyambira tambala woyamba. Ukwati wa kumudzi umadya madzi osati masewera: a thobwa, ophikira, otsukira mbale, osamba alendo ochokera kutali. Amene amatunga madzi amenewo ndi anzake a mkwatibwi. Ndi iwo amene amapeta mpunga, kunyonyola nkhuku, kutakasa thobwa m'mbiya usiku wa mchezo maso akuwawa ndi utsi. Mayi ake a mtsikana amaona bwinobwino amene wamanga chitenje m'chiuno ndi kulowa kukhitchini, ndipo zimenezo saziiwala ngakhale patapita zaka. Uthenga wa pafoni woti mwalandira ndalama amauwerenga kamodzi, mawa wafufutika.

Za dzuwalo musandiuze, dzuwa limeneli ndi lomwe linatilera. Mwaiwala kodi pobwera kusukulu masana, opanda nsapato, mchenga ukuwotcha mapazi, kumathamanga kuchoka pa mthunzi wa mtengo uwu kukapumira pa winawo? Nyenje zikulira m'mitengo mpaka makutu kuchita kugontha, anyamata akuzitchera ndi ulimbo pa kamtengo. Kamvuluvulu akadutsa pabwalo ndi mapesi ndi mapepala, tonse kubalalika, agogo akukuwa kuti tisamuloze chala. Mango osapsa tinkadya ndi mchere wobisa m'kapepala, mano kuchita dzanzi. Masuku tinkatola kuthengo, aawisi n'kuwavundika m'dothi, malo ake kumadziwa anthu awiri okha, iwe ndi mnzako wapamtima. Ine wanga ndinkamukhulupirira pa masuku kuposa mchemwali wanga weniweni.

Ndipo sikuti kunali kusewera kokhakokha. Ife ana a alimi a fodya tinkadzutsidwa kusanache kukathirira nazale kudambo, makheni awiri m'manja, madzulo kubwereranso. Tchire litapsa mbali zonse, phulusa lakuda likumata m'miyendo, anyamata ali kalikiliki kukumba mbewa. Makolo akusosa ndi kugalauza, maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa. Dzuwa likapepa ndiye fulaye, phada, jingo, mwezi ukawala kuvina chitelera mpaka kuitanidwa ndi mkwapulo. A kufupi ndi paki ya Kasungu ankatibweretsera matondo nyengo yake ikakwana. Munthu amene munachita naye zonsezi sangapezekenso wina ku Blantyre, ngakhale mukhaleko mpaka imvi.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchikamba pagulu. Ngati muli a msinkhu umene ndikuganizawu, njala ya 2002 inakupezani muli ana. Kasungu inamenyedwa kwambiri chaka chimenecho. Anthu anadya gaga, ena mizu ya nthochi, m'kalasi mipando inkatsala yopanda eni. Amene tinatuluka amoyo tinagawana phala ndi maungu osakhwima a pakhomo pa anzathu. Mwana amene anapyola zimenezo lero akuvala velo, ndiye wina akhale ku Blantyre chifukwa alibe nsapato yatsopano? Ayi achemwali, mtima wanga ukukana. Chibale ndi fupa sichiwola, ndipo chinzake cha paubwana ndimachiika pomwepo.

Tsono za manyazizo. Sindikunamizani, adzakufunsani. Azakhali ena ake adzakugwirani dzanja osalisiya, n'kunena kuti nanga inu tidzavina liti. Yankhani kuti nthawi yake ikubwera, mupitirize kugawa thobwa. Mafunso amenewo amatha mphindi zochepa, nyimbo ikangoyamba onse aiwala. Kumudzi anthu samawerenga madigiri tsiku la ukwati, amafuna kudziwa kuti mwana wa uje wabwera kapena ayi. Ndaonapo anthu obwera ndi galimoto akukhala pampando osadziwa ndi kumwe kuli mjigo, ndaonanso wofika pa kabaza fumbi lili m'nsidze, mkwatibwi n'kudzuka pampando wake kukamukumbatira akulira, zodzola zonse kusungunuka. Chimene chimawawa eni mwambo ndi kuyang'ana pa mzere wa anzake n'kupeza kuti amene ankamudalira palibe. Komanso mawa zikadzakhala zanu, kaya ndi chisangalalo kaya ndi zovuta, odzasenza chidebe ndi omwewa.

Kunena za ulendo, musadikire Loweruka. Nyamukani Lachinayi kapena Lachisanu m'mamawa, mukasinthe basi ku Lilongwe, mutsate M1 mpaka pa boma pa Kasungu, kuti zokwera zopita ku Chamama muzipeze dzuwa likadalipo. Chovala cha ukwati chikhale m'chikwama, panjira valani chakale ndi chitenje chofunda kumutu, chifukwa fumbi la mwezi umenewo silisiya munthu. Botolo la madzi musalisiye. Ngati nsalu ya yunifolomu yakukanikani kugula, muuzeni mnzanuyo lero lomwe mosabisa, asakuwerengereni pa oimirira kutsogolo. Chitenje chanu chochapa bwino chikwana. Mphatso isakusowetseni tulo: beseni, mbale zingapo kapena lichero labwino mukagula pa msika wa pa boma, zimagwira ntchito m'banja latsopano kuposa zonyezimira za m'mashopu a mutauni.

Muimbirenso mayi ake musananyamuke, osati mkwatibwi yekha, muwauze kuti mukufika tsiku lakuti, akusungireni mphasa ndi ntchito yanu.