Galimoto yogulira Disembala

Achemwali ena a ku Cosmo City, kuno ku Joni, andilembera imelo. Akufuna ka SUV kakang'ono, ndipo mutu waima pakati pa Suzuki Fronx, Nissan Magnite ndi Toyota Corolla Cross. Koma chomwe chandikhudza ndi mawu awo otsiriza: "Ndikufuna ndidzapite nayo kumudzi Disembala."

Achemwali, mawu amenewo ndi amene anandigwetsa ine m'mbuna. Galimoto yanga yoyamba kuno ku Joni ndinagulira tsiku limodzi lokha, tsiku lodzaimika pabwalo kwathu ku Mulanje, ana akuthamangira fumbi, amalume akuigogoda chitseko ngati akusankha chivwende. Wogulitsa anaona kuti mtima wapita kale. Anandiikira balloon payment, ija amakuchepetsera ya pamwezi koma chindalama chachikulu n'kumakudikira kumapeto kwa ngongole. Ndinasaina ndikumwetulira, miyezi 72.

Kumudzi ndinapitadi nayo, kamodzi. Ndipo ndinatsala pang'ono kubwerera pa Beitbridge, chifukwa galimoto ya ngongole situluka m'dziko popanda kalata ya ku banki yokuloleza. Ndinagona ku Musina masiku awiri kudikira kalatayo. Kenako Harare, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, Zobue, Mwanza, kumbuyo kutadzaza mabulangete ndi mapoto a anthu omwe anangoti "kakatundu kochepa, achimwene". Masiku ena onse a chaka galimotoyo inkangokwawa pa N1 m'mawa, kumwa mafuta ngati ili pa ukwati.

Ndiye ndinene mosapsatira: kugula galimoto chifukwa cha Disembala ndi uchitsiru, ndipo ndikudzinena ndekha. Mabasi a ku Park Station, siteshoni yaikulu ya ku Joni, alipo. Amanyamula katundu woposa SUV iliyonse, ndipo sakufunsani inshuwalansi pamwezi, kapena tracker yomwe a inshuwalansi ambiri amaumirira kuno chifukwa cha akuba galimoto.

China chomwe ogulitsa satchula ndi chakuti Joni ili pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya ndi wopepuka, ndiye injini yopanda turbo imafooka. Kainjini ka 1.0 kopanda turbo, mutakwera anthu asanu pa chitunda, kamalira momvetsa chisoni. Musanyengekenso ndi maonekedwe: zambiri mwa timagalimoto timeneti timakoka ndi mateyala akutsogolo okha. M'matope a kumudzi timatitimira ngati galimoto wamba.

Tsono musankhe iti?

Ubwino weniweni wa timagalimoto timeneti n'kuti ndi tokwererako, ndiye maenje a m'misewu ya kuno sakupweteka pansi pa galimoto. Fronx ili ndi injini ya 1.5 ndipo ndi mapasa ndi Toyota Starlet Cross, monganso Magnite ndi Renault Kiger, choncho funsani mitengo mbali zonse ziwiri. Corolla Cross amaipangira ku Durban kuyambira 2021, ndi yaikulupo komanso yodulirapo. Ine, pa ulendo wa Cosmo City kupita kuntchito ku Randburg, ndingatenge Fronx, popanda balloon. Musanasaine, imbirani a inshuwalansi akuuzeni ya pamwezi, ndipo kaiyeseni pa chitunda mutanyamula anthu. Ngati mulibe ID ya kuno, yambani mwapeza traffic register number, nambala yomwe alendo amalembetsera galimoto m'dzina lawo.

Amalume aja, pajatu, anangofunsa chifukwa chake sindinagule bakkie, ija timati pikiapu.