Makalata a von Neumann onena za makina odzipanga okha

Achimwene, mwafunsa kumene mungapeze makalata a von Neumann onena za makina odzipanga okha. Yambirani ku Library of Congress, nyumba yaikulu ya mabuku ku Washington, kumene amasungako makalata ndi zolemba za John von Neumann, katswiri wa masamu. Komatu dziwani kuti mkuluyu adamwalira mu 1957 asanamalize kulemba za makina otha kupanga anzawo ofanana nawo. Amene adasonkhanitsa ntchitoyo ndi Arthur Burks, katswiri mnzake, ndipo buku lidatuluka mu 1966 ku University of Illinois Press.

Ine chidandithandiza kwambiri n'kuwerenga bukulo ndisanafufuze makalata, chifukwa Burks adaika zowonjezera zake m'mabulaketi, motero mumaona bwino pamene mwiniwake adalekezera.

Koma ngati mukufuna kusindikiza makalatawo, musathamange. Lemberani kaye osunga zolembazo, mufunsenso loya wodziwa za umwini wa zolemba.