Fakitale ikapsa, mkaka suteteza mwana ku utsi

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera pa imelo. Akuti nyumba yawo ili kufupi ndi mafakitale a ku Makata, mwana wawo wa zaka 4 ali ndi mphumu, ndiye akufunsa kuti moto utabuka uko utsi n'kudzaza kwawo apange bwanji, poti aneba amangoti "mumwetseni mkaka basi".

Mayi, za mkakazo ayi ndithu. Mkaka umapita m'mimba pomwe utsi walowa m'mapapo, sizikumana n'komwe. Komanso utsi wa mapulasitiki, matayala, penti kapena matiresi a siponji ndi wina, mumakhala tifumbi tosaoneka tija amati PM2.5 timene timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo, mumakhala mpweya wapoizoni wa carbon monoxide womwe ulibe fungo, ndipo siponji ikamapsa imatha kutulutsa ndi poizoni wa cyanide yemwe.

Chachikulu ndi kutalikirana nawo. Onani komwe mphepo ikulowera, ngati utsi ukubwera chakwanu ndipo muli ndi achibale mbali ina ya tauni, berekani mwana muzipita, inhela yake ya salbutamol ili m'chikwama. Chimene chimandiwawa ine n'choti kukayaka moto anthufe timathamangira konko kukajambula pa foni, ena mwana ali kumbuyo, maso akulengeza misozi koma osachoka.

Mukalephera kuchoka lowani m'nyumba, tsekani mawindo ndi zitseko, pansi pa chitseko muike chitenje chonyowa, timabowo ta mpweya tapamwamba tija mutsekenso. Koma chonde chonde musayatse mbaula m'nyumba yotseka chonchi, makala amapha mwakachetechete. Utsi ukatha tsegulani paliponse mpweya ulowe.

Masiki yansalu ija ya nthawi ya Covid sithandiza kwenikweni, masiki ya mtundu wa N95 ndiye imasefa tifumbito ikakhala yothina bwino kumaso, koma gasi amadutsabe, ndipo mwana wamng'ono siimukwana.

Mukaona mwana akupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati, milomo yasintha mtundu, akusanza kapena wangofooka akungofuna kugona, musadikire kuche, thamangani naye ku Queens kapena chipatala chapafupi. Muzimuyang'anitsitsa mpaka masiku awiri chifukwa nthawi zina chifuwa chimadzabanika mochedwa.

Phulusa likagwera pakhomo liwazeni madzi musanasese. Ndowa za madzi akumwa vindikirani, masamba a padimba mutsuke bwinobwino musanaphike.