Nyumba ya pafupi ndi manda: lowani, koma yang'anani madzi

Amai, mwafunsa ngati n'kwabwino kukhala m'nyumba ya pafupi ndi manda. Ngati ndi ya lendi, lowani musaope. Ine ndimakhala moyandikana ndi manda kuno ku Chipata ndipo ana anga akula bwinobwino, anthu akufa sanativutitsepo. Zoona, tsiku la maliro magalimoto amadzaza msewu, nyimbo ndi kulira zimamveka mpaka m'nyumba, mtima n'kukhudzidwa. Koma munthu amazolowera.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi madzi. Funsani a landilodi kumene muzikatunga. Ngati ndi a pampopi a kampani ya madzi ya Eastern Water, palibe vuto. Koma chitsime chosaya chimene chili kumunsi kwa manda, chonde musamwepo. Kuno n'kwamapiri, ndipo dzinja likafika madzi amatsetsereka pansi pa nthaka n'kukokolera zonyansa m'zitsime. Itanani a zaumoyo a kukhonsolo adzayeze madziwo.

Kugula ndi nkhani ina. Musapereke ndalama musanaone title deed (chikalata cha umwini wa malo) ndi mabikoni osonyeza malire a puloti, chifukwa ena amagulitsa malo osungidwira kukulitsa manda. Pamenepo pezani loya. Akakhala malo a kumudzi, yambani mwaonana ndi a nyakwawa, makamaka kwa Achewa kumene kumanda kumakhalanso dambwe.