Mafunso ndi Mayankho: Mipeni Yopinda ndi Zogwirira Zake

FUNSO: Zikomo bambo. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Nkhotakota, chakufupi ndi Chia. Agogo anga aamuna, omwe anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, anandisiyira mpeni wa Okapi. Mpeni umenewu ndiwo unandipatsa chidwi chotolera mipeni yopinda yakale, ndipo pano ndili ndi ina ya chogwirira cha mtengo, cha fupa, cha nyanga ya ng'ombe, cha chitsulo, ndi wina wa chogwirira chonyezimira chamawangamawanga. Yonse ndimasunga m'chitini chimodzi cha mabisiketi. Dzinja lathali ndapeza ingapo yachita dzimbiri, wamtengo wina ukukana kutseguka, ndipo wanyanga uja wabooka timabowo. Kodi ndiipale ndi sandipepa kenako ndipake vanishi? Komanso pali munthu akunditsatsa mpeni umene akuti chogwirira chake ndi cha mnyanga wa njovu. Ndigule? — Wowerenga, Nkhotakota

YANKHO: Achimwene, sandipepayo muisiye kaye, makamaka pa Okapi wa agogowo. Utseguleni muyang'ane pachitsulo chake pafupi ndi popindira. Mipeni ya Okapi inayamba kupangidwa mu 1902 mumzinda wa Solingen ku Germany, ndipo inkapangidwira msika wa kuno ku Africa. Fakitale inasamukira ku South Africa mu 1988. Wenela inaleka kulemba anthu kuno mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Tsono ngati agogo anagula mpeniwo nthawi ya Wenela, muyenera kupezapo dzina la Germany. Chogwirira chake ndi mtengo wofiirira, ndipo yambiri imakhala ndi tizitsulo topyapyala ta mwezi ndi nyenyezi tokhomeredwa m'mtengomo. Mukangodutsitsapo sandipepa, tizitsulo timeneto tikandika kapena kumatuka, ndipo pamalo pakuda posalala pomwe chala chachikulu cha agogo chinkakhala pafufutika. Mpeni wonyezimira mungaugule m'sitolo mawa. Kuda kumeneko kulibe kokugula. Pukutani ndi kansalu kouma, pakanipo phula la njuchi pang'ono, mupukutenso mpaka chogwiriracho chitafunda m'manja. Basi.

Koma umene ndikuuganizira kwambiri kuti wakuonongerani mipeni ndi wamawangamawanga uja. Mipeni yambiri yakale yotsika mtengo inkavekedwa pulasitiki woyambirira wotchedwa celluloid, yemwe ankamupaka mitundu kuti azioneka ngati chigoba cha kamba kapena cha nkhono. Pulasitiki ameneyu akakalamba amayamba kuwola, n'kumatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo chilichonse choyandikana nawo. M'chitini chotseka, mpweyawo ulibe kothawira. Nunkhizani chogwiriracho. Ngati chikumveka kafungo kowawasa, ngati chafota n'kusiya mpata m'mbali, kapena chachita timing'alu ting'onoting'ono ngati shuga wouma, ndiye kuti chayamba. Onaninso kuti dzimbiri lakula kwambiri pa mipeni yomwe inagona mogundana nawo. Uchotseni lero lomwe, muuike pawokha pamalo popita mphepo. Mankhwala ake palibe, ndipo mafuta saletsa kuwolako. Musayerekeze kuuyesa ndi singano yamoto monga ena amalangizira, chifukwa celluloid amayaka mwadzidzidzi, moto wake wovuta kuzima.

Wamtengo wokana kutsegukawo sunafe ayi, wangomwa chinyezi. Kuno kunyanja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ngakhale chitseko cha nyumba yanga kuno ku Salima chimavuta kutseka. Mtengo ukafufuma umapana chitsulo. Izi zimachitika kwambiri ndi mipeni ya Opinel ya ku France, imene Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890, chifukwa chogwirira chake ndi kamtengo kamodzi kong'ambidwa pakati, kopanda zitsulo zotchinga m'kati. Eni ake ali ndi njira yawo: amagogoda nsonga ya kumapeto kwa chogwirira patebulo, chitsulo n'kusuzumira pang'ono, iwo n'kuchikoka. Chitani zomwezo, kenako muusiye wotsegula pamthunzi masiku angapo. Padzuwa ayi, pafupi ndi mbaula ayi, chifukwa mtengo wouma mwachangu umang'aluka. Vanishi sindimamufuna pa mpeni. Amakhala pamwamba pokha, amasupuka m'manja, ndipo chinyezi chimalowabe kudzera m'kati momwe burashi sinafike.

Nyanga ya ng'ombe ndi chinthu chofanana ndi zikhadabo ndi tsitsi, n'chifukwa chake tizilombo timaikonda. Timabowo mwaonato ndi ntchito ya timphutsi tomwe timadyanso zikopa ndi nsomba zouma, ndipo kumudzi kwa asodzi sitisowa. Umangeni mpeniwo m'kapepala ka pulasitiki kosalowa mpweya, mukapemphe mnzanu wa firiji yaikulu youmitsa nsomba kuti ukhalemo sabata yathunthu kapena kupitirirapo, timphutsito tife ndi kuzizira. Potulutsa musamasule msanga, dikirani ufunde uli momwemo kuti thukuta lisagwere pachitsulo. Mdani wina wa nyanga ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala, m'nyumba ya malata, nyanga imatha kupindika n'kudzuka pamisomali yake. Amisiri a ku Laguiole ku France, omwe mipeni yawo ya nyanga ndi yotchuka, amakonda nsonga ya nyanga chifukwa ndi yolimba mpaka m'kati, kusiyana ndi ya kutsinde yomwe ili ndi mphako ndipo amachita kuiwongola ndi moto. Ya kutsindeyo ndiyo imakonda kubwerera m'mene inalili.

Fupa limapirira kuposa zonsezi. Kampani ya Case ya ku Bradford, Pennsylvania, imagwiritsa ntchito fupa la mwendo wa ng'ombe za linunda zochokera ku Brazil, abale ake a ng'ombe zathu zomwezi, n'kulisema mikwingwirima kuti lisaterere m'manja. Mukaliyang'anitsitsa powala muona timadontho takuda ndi timizere tatifupi, momwe munkadutsa timitsempha ta magazi. Pulasitiki woyerekeza fupa alibe zimenezo. Musaliviike m'madzi kapena m'mafuta, limamwa n'kuthimbirira, ndipo musaugwetse pasimenti chifukwa limang'aluka pozungulira misomali. Zogwirira za chitsulo, monga za Douk-Douk wa ku Thiers ku France wa 1929 kapena Mercator wa chithunzi cha mphaka wakuda, sizifuna zambiri: kupukuta ndi kadontho ka mafuta.

Mafuta ake ndi a makina osokera, kadontho kamodzi popindira ndi kena pakansalu kopukutira chitsulo. Mafuta ophikira amanata, amanunkha pakapita nthawi, ndipo amaitana nyerere ndi mphemvu. Dzimbiri lofiira lichotseni podontheza mafuta n'kupala pang'onopang'ono ndi kamtengo kosongola kapena kachidutswa ka mkuwa. Koma kuda kwa phulusa komwe chitsulo chakale chimachita kusiyeni, kumeneko kumatetezako chitsulo. Chitini chija chipatseni ntchito ina. Sokani nsalu ya thonje yokhala ndi timatumba, mpeni uliwonse m'kathumba kake, muziipinda n'kuika m'dirowa yamatabwa. Timapaketi toyera tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano tiziponyani momwemo, timayamwa chinyezi. M'chikopa musasungiremo mpeni nthawi yaitali. Ndipo mukautenga kuonetsa alendo, pukutani musanaubwezere, chifukwa thukuta la m'manja lili ndi mchere.

Tsopano za mnyanga wa njovu. Musagule, ndipo musaulandire ngakhale ulere. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 ndi CITES, pangano la mayiko loona za malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo lamulo lathu loteteza nyama zakutchire, m'mene analikonzera mu 2017, limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kundende. Kupezeka nawo kokha popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale kakhale kachidutswa kokwana pachogwirira. Dzino la mvuu nalonso musaliyandikire. Inu a ku Nkhotakota nkhaniyi mukuidziwa kuposa ine. Padoko lanu ndi pomwe a Jumbe ankakwezera minyanga ndi akapolo m'zombo kuwolokera kutsidya m'zaka za m'ma 1800. Nkhalango yanu inali ndi njovu zoposa 1,500, koma opha nyama mozemba anazitha mpaka kutsala zosakwana 100. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyo mu 2015, linachita kunyamula njovu pafupifupi 500 pamalole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Zimandiwawa kumva kuti pambuyo pa ntchito yonseyo pali wina akuyendabe ndi mnyanga m'thumba kufunafuna wogula. Nthawi zambiri zotsatsidwa choterezi zimakhala fupa lopukutidwa, ndiye mungotaya ndalama. Chikakhala chenicheni, mwagula unyolo. Dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Ngati mukufuna chogwirira chimene mnzanu wa m'mizinda yotchuka ndi mipeni ya Sheffield ku England kapena Solingen angachisirire, chili konkuno. Pamsika wa Kamuzu Road ndi m'misika ya kumidzi mumapezeka ma Okapi othyoka zogwirira koma chitsulo chikadali chabwino. Gulani wotero, mupite nawo kwa osema ziboliboli a ku Senga Bay. Pansi pa benchi lawo pamakhala tizidutswa ta phingo ndi mlombwa tomwe sangapangire kanthu, ndipo kachidutswa kotalika ngati chikhatho n'kokwana. Phingo ndi wakuda, wolemera, wamafutamafuta, ndipo safufuma wamba ndi chinyezi, n'chifukwa chake azungu amapangira zitoliro zoimbira. Mlombwa ndi wopepuka, wamizere yofiirira, ndipo chiswe sichiukonda. Pemphani zotsala basi, musachititse munthu kugwetsa mtengo chifukwa cha mpeni. Ine mpeni womwe ndimaukonda kwambiri ndi wotere, wa phingo wokhala ndi kamzere koyera m'mbali pomwe mmisiri anasiya mtengo wa kunja kwa mtima. Mugulenso kope, muzilembamo kumene mpeni uliwonse unachokera, amene anali mwini wake, ndi zolembedwa pachitsulo. Muyambe ndi wa agogo, akadalipo achibale okumbukira mgodi umene ankagwirako.

FUNSO: Bambo, amuna anga ndi msodzi kuno ku Chipoka ndipo mipeni yawo siichedwa kufa. Ndikufuna kuwagulira wopinda. Ndisankhe wa chogwirira chanji? — Mayi wa ku Chipoka

YANKHO: Mayi, pamenepa zamtengo, zanyanga ndi zafupa zisiyeni, zimenezo ndi za pakhonde. Wam'bwato amafuna chogwirira cha pulasitiki wamakono chokhakhala pang'ono, kuti chisapulumuke m'manja muli mamina a nsomba, ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Pachitsulopo pakhale palembedwa Stainless kapena Inox. Mukaona Carbone kapena Carbon, dziwani kuti ndi wakuthwa bwino koma madzi sagwirizana nawo. Ya Victorinox ya ku Switzerland ndi yodalirika, koma yachinyengo yokhala ndi kamtanda kofanana ndi chizindikiro chawo yachuluka, choncho werengani dzina pachitsulo penipenipo, osati pachogwirira pokha. Utseguleni ndi kuutseka kangapo muli pamalo ogulira: ukatseguka usagwedere uku ndi uku, ndipo potseka uzimveka kuti thwa. Sankhani wamtundu wowala, wofiira kapena wachikasu, kuti uzioneka pakati pa ukonde usiku, ndiponso wokhala ndi kabowo kapena kamphete komangapo chingwe cha m'chiuno. Akabwera kunyanja aziutsuka ndi madzi oyera, aziukutumula, n'kuuyanika wotsegula.